Anthu akuwonda pa kanema wa Nc'wala: vuto lili pa fayilo, pa sequence kapena pa TV?

Tembo wa ku Kapata:
Akuluakulu, ndipempheko nzeru. Pali ntchito yolumikiza makanema a Nc'wala, mwambo wa Angoni wa ku Mtenguleni, ochokera ku zida zitatu. Choyamba ndi kamera ya Sony yolemba mafayilo a MTS, koma mafayilowo anadutsa kaye mu pulogalamu yosinthira n'kukhala MP4. Chachiwiri ndi matepi a miniDV a zaka za m'mbuyomu, omwe anakoperedwa pa kompyuta ngati AVI. Chachitatu ndi mafoni, ena anajambula choimika, ena chogoneka. Sequence, momwe makanema onse akulumikizidwiramo, ndi 1920x1080, mafelemu 25 pa sekondi, mu pulogalamu ya Premiere Pro. Pa za Sony ovina akuoneka owonda ndi aatali, zishango zachepa m'lifupi ngati tsamba la chimanga, ndipo kumbali kuli mizere yakuda. Pa matepi ena anthu awondanso, pa ena ali bwinobwino koma chithunzi n'chaching'ono pakati. Kodi ndingokweza Scale mpaka chidzaze?

Mayi Jere:
A Tembo, Scale musaikhudze kaye. Scale imakulitsa chithunzi mbali zonse mofanana, ndiye munthu wowondayo adzangokhala wowonda wamkulu, mutu ndi mapazi zitadulidwa. Yambani mwatsegula fayilo imodzi ya gulu lililonse mu MediaInfo, pulogalamu yaulere yoonetsa zamkati mwa fayilo. Mutiuze zinthu zinayi: Width, Height, Display aspect ratio (m'lifupi mwa chithunzi poyerekeza ndi kutalika kwake) ndi Scan type. Manambala amenewo ndi amene anganene pamene pali vuto.

Tembo wa ku Kapata:
Za Sony: 1440 ndi 1080, Display aspect ratio 4:3, Interlaced. Za matepi: zonse 720 ndi 576, ndipo zonse zikunena 4:3. Za mafoni: 1920 ndi 1080, koma zina zili ndi mzere wakuti Rotation 90.

Mayi Jere:
Za Sony zadziwika. Makamera a HDV, ndiponso a AVCHD akamajambula pa mlingo wotsika, amasunga chithunzi cha 16:9 m'mapixel (timadontho topanga chithunzi) 1440 okha m'lifupi. Pixel yake si yofanana mbali zonse, ndi yotambalala, m'lifupi mwake ndi 1.333 poyerekeza ndi kutalika kwake. Mukachulukitsa 1440 ndi 1.333 mupeza 1920. M'fayilo yoyamba mumakhala kachizindikiro kouza pulogalamu kuti itambasule pixel iliyonse poonetsa. Pulogalamu yosinthira ija inataya kachizindikiroko, ndiye Premiere ikuwerenga mapixel ngati ofanana mbali zonse. Chithunzi chafinyika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo malo otsala, mapixel 240 kumanzere ndi 240 kumanja, ndiyo mizere yakuda mukuionayo.

Kukonza kwake: mu Project panel sankhani mafayilo onse a Sony pamodzi, dinani kumanja kwa mbewa, Modify, kenako Interpret Footage. Pa Pixel Aspect Ratio sankhani Conform to, muike HD Anamorphic 1080, ya 1.333. Zonse zomwe munaika kale pa timeline zidzakonzeka zokha, Scale ikhale pa 100. Ngati mafayilo a MTS oyambirira alipobe pa khadi, ndi bwino kugwiritsa ntchito amenewo, chifukwa kusinthako kunadyanso ubwino wa chithunzi.

Sakala, Katete:
Ndiwonjezere pa za Mayi Jere. Interpret Footage imakonza mkati mwa project yokhayo. Fayilo yeniyeni pa hard disk imakhalabe yolakwika, ndiye wina akadzaitsegula kwina vuto lidzabwereranso. Amene ali ndi ffmpeg, pulogalamu yolamulidwa polemba mawu, angabwezere kachizindikiroko popanda kuphikanso kanema:

ffmpeg -i kanema.mp4 -c copy -aspect 16:9 -bsf:v h264_metadata=sample_aspect_ratio=4/3 wokonzedwa.mp4

Mawu akuti -c copy akutanthauza kuti chithunzi ndi phokoso zikungokoperedwa momwe zilili, n'chifukwa chake zimatha msanga ndipo ubwino sutsika. Ndaika zonse ziwiri dala. Chizindikiro cha kaonekedwe chimatha kukhala malo awiri, pa chikuto cha MP4 ndi mkati mwa kanema wa H.264 mwenimwenimo. Mapulogalamu ena amamvera cha pachikuto, ena cha mkati. Ziwirizi zikasemphana ndi pamene kanema amaoneka bwino pa laputopu koma wowonda pa TV ya kasitomala.

Mbewe:
Nanga bwanji osangochotsa chizindikiro pa Uniform Scale n'kuika Scale Width pa 133? Zotsatira zake si zomwezo?

Mayi Jere:
Pa maso n'zofanana, achimwene, koma muyenera kuchita pa chidutswa chilichonse, ndipo mukadzafuna kuyandikitsa chithunzi mudzayamba kuwerengera manambala awiri nthawi zonse. Mukaiwala chidutswa chimodzi, Inkosi ya Makosi Mpezeni idzaoneka ndi thupi lina mphindi ino, lina mphindi yotsatira, ndipo pa kanema wa mwambo chimenecho n'chosalandirika.

Pali malo amodzi pomwe njira yanuyo ndi yokhayo yothandiza. Ndi pamene pulogalamu yosinthira yatulutsa fayilo ya 1920x1080 yokhala ndi chithunzi chofinyika pakati, mizere yakuda itaphikidwira m'chithunzi momwemo. Pamenepo MediaInfo idzanena 16:9, zonse zidzaoneka zolondola pa manambala, koma anthu ndi owonda. Apo chotsani Uniform Scale, Scale Width ikhale 133.33, Scale Height isiyeni pa 100. Mizere idzatulukira kunja kwa felemu.

Mdala Zulu, Chipata:
Nkhani ya matepi ndiyo ifunika kudekha, chifukwa matepi onse akunena 720x576 ndi 4:3, koma mkati mwake mungakhale zinthu zitatu zosiyana. Matepi a kuno ku Zambia ndi a muyezo wa TV wotchedwa PAL, mafelemu 25, ndipo DV ya PAL nthawi zonse ndi 720x576, kaya kamera inaikidwa pa 4:3 kapena pa 16:9. Manambala okhawo sakuuzani kanthu, ndi maso amene ayenera kugamula.

Imitsani kanema pamene pali chinthu chomwe mukudziwa kuti n'chozungulira ndipo chayang'ana kamera mwachindunji: gudumu la galimoto, wilo la njinga, kukamwa kwa ng'oma, wotchi ya pakhoma. Nkhope sizodalirika, maso amazolowera msanga. Mu VLC, pulogalamu yoonerera makanema, dinani batani la A pa kiyibodi, imasinthasintha kaonekedwe, 16:9, 4:3 ndi ena. Pomwe wilo lakhala lozungulira ndi pomwe pali choonadi.

Ngati wilo likuzungulira pa 16:9 ndipo chithunzi chadzaza popanda mizere, tepiyo inajambulidwa mwa widescreen yofinya, chizindikiro chinatayika pokopera. Mu Interpret Footage ikani D1/DV PAL Widescreen 16:9, ya 1.4587. Kenako Scale pa 187.5, chifukwa 576 kuchulukitsa ndi 1.875 ndi 1080.

Ngati wilo likuzungulira pa 4:3 ndipo chithunzi chadzaza, imeneyo ndi 4:3 yeniyeni. Ikani D1/DV PAL, ya 1.0940, Scale 187.5. Chithunzi chidzatenga pafupifupi mapixel 1440 pakati, kumbali kutsala pafupifupi 240 mbali iliyonse.

Chachitatu ndicho chimene a Tembo akuti n'chaching'ono pakati. Makamera ena otsika mtengo ankati ali ndi 16:9, chonsecho ankangophimba pamwamba ndi pansi pa chithunzi cha 4:3. Pa mizere 576, chithunzi chimatsala ndi 432 yokha, 72 yakuda pamwamba ndi 72 pansi. Mukaika tepi yotero mu sequence ya 16:9 mumapeza mdima mbali zonse zinayi. Imeneyi iwerengedwe ngati 4:3, kenako Scale pa 250 kuti 432 ifike 1080. Chithunzi chidzafewa kwambiri, palibe chozembera, mizere 432 singasanduke HD.

Mbewe:
Mdala, pa makompyuta ena nambala ya widescreen ndi 1.422, si 1.4587. Yolondola ndi iti?

Mdala Zulu, Chipata:
Zonse ziwiri zili ndi chifukwa chake. Nambala ya 1.422 imatenga mapixel onse 720 ngati chithunzi cha 16:9, n'kupereka 1024x576. Nambala ya 1.4587 imatsata muyezo wa TV, womwe umati chithunzi chenicheni chili m'mapixel pafupifupi 702 a pakati, otsalawo ndi m'mphepete, n'chifukwa chake matepi ambiri ali ndi timizere takuda kumanzere ndi kumanja. Mukawerenga 720 yonse ndi 1.4587 mupeza 1050x576. Adobe, eni Premiere, ankagwiritsa ntchito 1.422 kale, anasintha kuyambira pa mtundu wa CS4. Pulogalamu ya Vegas imalemba 1.4568. Kusiyana kwa 1.422 ndi 1.4587 ndi pafupifupi 2.5 peresenti, ndipo woonera wamba sangakuzindikire. Pa tepi yochokera mu kamera ya DV ine ndikuti tsatani 1.4587.

Koma apa pali msampha. Mukadina Set to Frame Size pa kanema wa 1050x576, Premiere imalowetsa m'lifupi monse, Scale imaima pafupi ndi 183, ndipo pamwamba ndi pansi pamatsala timizere ta mapixel pafupifupi 13. Pa monita yaing'ono situoneka, timadzaonekera pa TV yaikulu. N'chifukwa chake ndati lembani 187.5 ndi dzanja. Zotsala zimatulukira kumbali, ndipo zotulukazo ndi m'mphepete mwakuda muja.

Sakala, Katete:
Musanakulitse chilichonse cha pa tepi, kumbukirani kuti ndi interlaced. Felemu iliyonse ndi magawo awiri olukana, ojambulidwa nthawi zosiyana. DV imayamba ndi gawo la pansi, Lower Field First, pamene HDV ndi AVCHD ya 1080i zimayamba ndi la pamwamba. Mukakulitsa chithunzi chotero magawo asanalekanitsidwe, mizere yopyapyala ya magawo awiriwo imasanduka mafunde okhuthala m'mphepete mwa chilichonse choyenda. Pa gule wa ngoma, pomwe miyendo ndi zibonga zikuyenda mofulumira, zimaoneka zoipa kwambiri ndipo sizikonzeka pambuyo pake. Onetsetsani kuti mu Interpret Footage, Field Order ndi yolondola, ndipo sequence ili pa No Fields. Kapena konzerani tepi ya widescreen kunja musanailowetse:

ffmpeg -i tepi.avi -vf "bwdif=mode=send_frame,crop=704:576,scale=1920:1080,setsar=1" -c:v libx264 -crf 18 -c:a aac tepi_hd.mp4

Dongosolo lake n'lofunika: kulekanitsa magawo koyamba, kudula m'mphepete, kukulitsa, pomaliza setsar=1 kunena kuti tsopano mapixel ndi ofanana mbali zonse. Mukaika send_field m'malo mwa send_frame mupeza mafelemu 50, kuyenda kwa gule kumasalala bwino, koma ndiye sequence nayo ikhale ya 50. Pa tepi ya 4:3 ikani scale=1440:1080.

Tembo wa ku Kapata:
Za Sony zakonzeka, zishango zabwerera. Matepi ndawagawa: awiri ndi widescreen yofinya, atatu ndi 4:3 yeniyeni, imodzi ndi ya mizere pamwamba ndi pansi. Koma eni ntchito safuna kuona mdima kumbali pa atatu aja, akuti TV anagula yonse ndiye idzaze yonse.

Mbewe:
Pamenepo kwezani Scale kuchoka pa 187.5 kufika pa 250, chidzaza. Anthu sanenepa, mawonekedwe amakhala oona.

Mayi Jere:
Amakhala oona koma otsala. Kudzaza 16:9 ndi chithunzi cha 4:3 kumataya gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kwake, 12.5 peresenti pamwamba ndi 12.5 pansi. Pa munthu amene akulankhula atakhala pampando mungathe, mungokankha Position kuti mutu usadulidwe. Koma gule wa Angoni ali m'mapazi oponda pansi ndi m'zovala za kumutu, ndipo wojambula wa nthawi imeneyo anadzaza felemu kuyambira pa nthenga mpaka pa fumbi. Mukadula, mwachotsa gule yemweyo. Chimodzimodzi ndi za Kulamba ku Mkaika: makanja ataima pa mitengo yawo, 16:9 yodula idzakusiyirani chiuno chokha. Chithunzi chakale cha mwambo ndi mbiri, chisiyidwe chathunthu.

Choipitsitsa ndi kukoka m'lifupi kuti chidzaze. Anthu amanenepa ndi 33 peresenti. Chimenecho a Tembo musachivomere ngakhale atakukakamizani.

Phiri wa Mchini:
Pali njira ya pakati yomwe makasitomala ambiri amailandira. Ikani chidutswa chomwecho kawiri. Cha pamwamba, pa V2, chikhale chathunthu pa 187.5. Cha pansi, pa V1, chikhale pa 250 kuti chidzaze felemu, muikepo Gaussian Blur, Blurriness pakati pa 60 ndi 100, muchonge Repeat Edge Pixels kuti m'mphepete musade, ndipo mutsitse Opacity kufika cha m'ma 50 kuti kumbuyoko kusakope maso. TV yadzaza, palibe chadulidwa, palibe wanenepa. Pa makanema a foni ojambulidwa choimika njira ndi yomweyo: 1080x1920 imalowa pa Scale 56.25, imatenga mapixel 608 okha pakati, kumbali kutsala 656 mbali iliyonse. Cha kumbuyo chiikeni pa 178.

Mdala Zulu, Chipata:
Pa za foni ndikugwirizana nanu a Phiri, chifukwa mdima wa 656 mbali iliyonse ndi waukulu kuposa chithunzi. Pa tepi ya gule sindikugwirizana nazo. Kamera ikamagwedezeka ndi khamu likamayenda, kumbali kosaoneka bwinoko kumagwedezeka nako, maso amatopa. Mdima sugwedezeka. Ngati eni ntchito akana mdima, ikani kumbuyo chithunzi chosayenda chakuderako, kapena kumanani pakati: Scale pafupifupi 219, yomwe ndi 14:9. Mumataya pafupifupi 7 peresenti pamwamba ndi 7 pansi, ndipo mizere ya kumbali imachepa kufika pa mapixel 120. Ma TV a ku Britain ankachita zimenezi nthawi imene anthu ena anali ndi TV za 4:3 ena za 16:9. Muwaonetse eni ntchito mphindi imodzi m'njira zitatuzi, ya mdima, ya chithunzi chosayenda ndi ya 14:9, asankhe ataona zimene zikudulidwa.

Mayi Lungu, Petauke:
Ambiri kuno sali pa Premiere, ndiye ndinene za mapulogalamu ena. Mu Vegas, dinani kumanja pa fayilo mu Project Media, Properties, pa Media pali Pixel aspect ratio, musankhe 1.3333 pa HDV kapena 1.4568 pa PAL widescreen. Pa timeline onani kuti Maintain Aspect Ratio pansi pa Switches ndi yochongedwa, ikachotsedwa Vegas imakoka chithunzi mpaka m'makona. Mukafuna kudzaza modula, tsegulani Event Pan/Crop, dinani kumanja mkati mwa chithunzi, Match Output Aspect. Pa Render As pali bokosi lakuti Stretch video to fill output frame size. Limeneli lanenepetsa akwati ambiri pa makanema a ukwati, chifukwa munthu amalichonga pofuna kuthamangitsa mizere osadziwa kuti project ndi template yotulutsira n'zosiyana kaonekedwe.

Mu DaVinci Resolve, dinani kumanja pa fayilo mu Media Pool, Clip Attributes, pomwepo pali Pixel Aspect Ratio. Kenako mu Project Settings, Image Scaling, pa Mismatched resolution files pali zosankha zinayi. Scale entire image to fit imasunga chithunzi chonse n'kusiya mizere. Scale full frame with crop imadzaza modula. Center crop with no resizing siikulitsa kanthu. Stretch frame to all corners ndiyo imapotoza anthu, ilekeni.

Tembo wa ku Kapata:
Nanga za foni zija za Rotation 90? Zina zikulowa zitagona chammbali.

Sakala, Katete:
Foni imasunga kanema ngati 1920x1080 ngakhale mwaiimika, n'kungolemba kachizindikiro kakuti poonetsa atembenuzidwe. Mapulogalamu atsopano amakamvera, akale ena sakamvera. Zimachitikanso kuti munthu anayamba kujambula foni ili choimika kenako n'kuigoneka, chizindikiro chimatsatira momwe foni inalili poyamba. Mu Effect Controls ikani Rotation pa 90 kapena -90, kenako mukonze Scale. Ndipo auzeni otumiza makanema pa WhatsApp kuti atumize ngati Document, apo ayi amafika atachepetsedwa ndipo mukawakulitsa amangokhala matope.

Phiri wa Mchini:
Mukadzafuna tizidutswa toimika ta WhatsApp Status, TikTok kapena Facebook Reels, musatulutse kuchokera mu sequence ya 16:9 n'kungosintha manambala pa Export. Pangani sequence ina ya 1080x1920. Kanema wa 1920x1080 amadzaza pa Scale 177.8, ndipo zooneka ndi mapixel 608 okha mwa 1920, osakwana gawo limodzi mwa magawo atatu. Mzere wa ovina sungalowemo, sankhani munthu mmodzi n'kumutsata ndi Position. Auto Reframe imayesa kutsata yokha, koma pa khamu imasokonezeka, muionenso chidutswa chilichonse. Amene ali ndi kamera ya 4K ajambule pa 3840x2160 motalikirako, chifukwa kudula choimika pamenepo kumasiya mapixel 1215 m'lifupi, okwanira 1080 popanda kukulitsa. Mu CapCut sankhani Ratio musanayambe kuika mawu ndi zina, mukasintha pomaliza zolemba zimasuntha.

Mayi Jere:
Potulutsa kanema wamkulu: H.264, 1920x1080, mafelemu 25, Progressive, Aspect pa Square Pixels. Sequence ndi Export zikafanana, Source Scaling ilibe ntchito. Mukaona mizere yatsopano pa chithunzi cha Export ndiye kuti manambala asemphana penapake, bwererani mukakonze, osasankha Stretch to Fill. Mukafuna fayilo yaing'ono tsikirani pa 1280x720, ndi 16:9 yomweyo. Manambala akhale ogawika ndi 2, H.264 wamba amakana osagawika.

Amene amakonda mizere ya sinema ya 2.39:1, ngati kanema akupita pa YouTube pangani sequence ya 1920x804, musaphikire mizere mkati. YouTube imasintha zenera lake molingana ndi kanema, koma mizere yophikira imaiwerenga ngati chithunzi, ndiye pa foni yotalika m'lifupi mumapeza mdima mbali zonse. Ngati kanema akupita ku siteshoni ya TV, iwo amafuna 1920x1080 yathunthu, apo mizere ya mapixel 138 pamwamba ndi pansi ikhale mkati.

Mdala Zulu, Chipata:
Chotsala ndi cha kunyumba kwa kasitomala. Fayilo ikhoza kukhala yolondola kotheratu, TV n'kuipotoza. Musanabwerere ku kompyuta, tengani rimoti muone Picture Size kapena Aspect Ratio. Zoom imadula mitu, ndipo Wide pa TV zina imakoka chilichonse. Pa LG sankhani Just Scan kapena Original, pa Samsung 16:9 ndi Fit to Screen. TV zambiri zimadyako pang'ono m'mphepete, choncho mayina a mafumu ndi zolemba zonse zikhale mkati mwa bokosi lamkati la Safe Margins.

Ngati akufuna DVD, dziwani kuti DVD ya PAL siiposa 720x576, widescreen yake ndi yofinya yokhala ndi chizindikiro. Pulogalamu yopangira DVD iuzidwe kuti ndi 16:9, ndipo DVD player nayo ili ndi TV Type yake mu Setup. Ikakhala pa 4:3 Letterbox pomwe TV ndi yotambalala, player imaika mizere, TV n'kukokanso, anthu amafupika n'kunenepa. Mapulojekita ena a m'matchalitchi ndi m'masukulu ndi a 1024x768, omwe ndi 4:3. Kanema wa 16:9 pamenepo ayenera kukhala ndi mizere ya mapixel 96 pamwamba ndi pansi. Akadzaza khoma lonse ndiye kuti wafinyidwa, ikani Aspect ya pulojekita pa Auto kapena 16:9.

Tembo wa ku Kapata:
Zikomo akuluakulu. Eni ntchito aona njira zitatu zija. Pa malankhulidwe asankha 14:9, pa gule avomera 4:3 yathunthu ataona kuti mapazi akudulidwa. Funso lotsala: tepi ya mizere 432 ija ikuoneka yofewa kwambiri pa 250 ikamatsatana ndi za Sony.

Sakala, Katete:
Musaikakamize kudzaza. Iikeni pa Scale 200, chithunzi chidzakhala 1536x864 pakati pa felemu, mudule mizere yake yakale ndi Crop, 12.5 peresenti pamwamba ndi 12.5 pansi, kumbuyo muike chithunzi chosayenda chija a Zulu anena, ndipo pansi mulembe chaka chimene tepiyo inajambulidwa. Pa Export chongani Use Maximum Render Quality, imathandiza pa zokulitsidwa. Sharpen ikhale yochepa, mukaichulukitsa imangokweza phokoso la tepi.